ALEXIS CARREL, DOTOLO WOSOKA MITSEMPHA (1873-1944)

M'mwezi wa January chaka cha 1906, m'chipatala cha mu mzinda wa Lyon ku France, mudagona mai wina amene impso zache zidali zitaleka ntchito. Impso ndizo zimasefa magazi ndi kutaya zoipa za m'thupi pamodzi ndi mkodzo. Zikaima, munthu amatupa, amasanza, nzeru zache zimayamba kusokonekera, ndipo masiku amenewo kudalibe mankhwala kapena makina oti nkumpulumutsa. Dotolo wamkulu wa opaleshoni, dzina lache Mathieu Jaboulay, poona kuti imfa ili pakhomo, adayesa chinthu chachilendo. Adatenga impso ya nkhumba imene idaphedwa tsiku lomwelo, nailumikiza ku mitsempha ya magazi ya pa mkono wa maiyo, pamene mkono umapindika. Magazi adaundana m'kati mwa impsoyo, ndipo pa tsiku lachitatu adaichotsa itafa. M'mwezi wa April adayesanso ndi impso ya mbuzi pa mai wina, koma zidatha chimodzimodzi.

Jaboulay sadali munthu wochita zinthu mwachibwana. Opaleshoni ya phudzi imene madotolo amachita mpaka lero imatchedwa ndi dzina lache. Koma amene adadzazindikira pamene padagona vuto ndiye wophunzira wache wina, Alexis Carrel, amene pa nthawiyo adali atachoka kale ku Lyon ndi mtima wowawa, nakakhala ku Chicago ku America, kumene adalikusoka mitsempha ya agalu ndi amphaka.

Ubwana wache ndi singano ya mai wopeta

Alexis Carrel adabadwa pa 28 June 1873 ku Sainte-Foy-lès-Lyon, mudzi wa pa mtunda woyang'anana ndi Lyon. Atate ache adali mwini malo oombera nsalu, pakuti Lyon ndi mzinda wotchuka ndi nsalu za silika kuyambira kale. Iwo adamwalira mwanayo ali ndi zaka ngati 5, ndipo amai ache, mkristu wolimba, adatsala okha ndi ana atatu. Adamtumiza ku sukulu ya Saint-Joseph ya ansembe a Chiyezuiti. Atakula nalowa maphunziro a udotolo, chikhulupiriro cha ubwana wache chidazirala, monga zidachitikira anyamata ambiri ophunzira a ku France m'zaka zimenezo.

Pa 24 June 1894, Carrel atatsala masiku anai kuti akwanitse zaka 21, mtsogoleri wa dziko la France, Sadi Carnot, adadza kudzacheza ku Lyon. Ali m'ngolo yache pakati pa khamu la anthu, mnyamata wa ku Italy, Sante Caserio, adambaya ndi mpeni pamimba. Mpeniwo udadula mtsempha waukulu wolowa m'chiwindi. Madotolo odziwika a mu mzindamo adasonkhana, koma panalibe mmodzi wodziwa kusoka mtsempha wotere, ndipo mtsogoleriyo adamwalira usiku womwewo chifukwa chotaya magazi.

Tsono kusoka mtsempha si kusoka malaya ai. Mtsempha ndi wofewa, woterera ndiponso wobulungira ngati phesi la dzungu. Singano ikalowa mbali ino imakola ndi mbali ya kuseri. Ulusi ukathina njira ya magazi imachepa, ukakhwepa magazi amatayika. Ndipo kakhungu ka m'kati kakangokandika pang'ono, magazi amaundana pomwepo natseka njira. Chifukwa chache madotolo ambiri adangozolowera kumanga mtsempha wodukawo, ngakhale kuti nthawi zina mwendo kapena mkono unkafa nazo. Jaboulay yemwe adayesapo kusoka mitsempha ya pakhosi ya nyama m'chaka cha 1896, ndipo Carrel adayambira pamenepo.

Chimene adachita mnyamatayo chidali chodzichepetsa. Adapita kwa mai wina wotchuka pa ntchito yopeta nsalu mu Lyon, Madame Leroudier, nakaphunzira kugwira singano zazing'ono koposa ndi ulusi wa silika wonga tsitsi. Kuona maso a nkhono nkudekha: adasoka ndi kusokanso mpaka zala zache zidazolowera. Adalandira udotolo mu 1900, ndipo mu 1902 adalemba njira yache m'nyuzi ya madotolo ya Lyon Médical. Njirayo ndi iyi. Amayandikizitsa nsonga ziwiri za mtsempha, nasoka mfundo zitatu zotalikirana mofanana, monga amakhalira mafuwa pa moto. Akakoka ulusi wa mfundo zitatuzo, kamwa lobulungira lija limasanduka la mbali zitatu zoongoka, ndipo mbali iliyonse amaisoka payokha, singano osakola kuseri. Ulusi adaupaka Vaseline kuti usakande m'kati.

Ulendo wa ku Lourdes

M'mwezi wa May chaka chomwecho cha 1902, Carrel adakwera sitima ya pamtunda yonyamula odwala kupita ku Lourdes, m'malo mwa dotolo mnzache. Sadapite kukapemphera, adafuna kuona ndi maso ache chimene chimachitika kumeneko. M'sitimamo mudali mtsikana wa zaka 23, Marie Bailly, wodwala chifuwa chachikulu chimene chidalowa m'mimba. Mimba idali yotupa ndi youma gwa, ndipo Carrel adambaya jekiseni wa morphine pa njira, akuganiza kuti mwina safika wamoyo. Pa 28 May, popeza adali wofooka kwambiri osati nkumlowetsa m'madzi, adangomthira madziwo pamimba, namnyamula kupita naye ku phanga la Amai Maria. Carrel adaima pafupi alikulemba. Adaona kupuma kwache kukubwerera m'malo, kutupa kukuphwa, ndipo pofika madzulo mtsikanayo adakhala tsonga nadya. Pambuyo pache adalowa m'chipani cha Asisteri a Vincent de Paul, natumikira odwala mpaka imfa yache mu 1937. Eklezia, imene siifulumira pa milandu yotere, siidalengeze kuchira kumeneku kuti ndi chozizwitsa.

Carrel adakana kunena kuti waona chozizwitsa, adakananso kunena kuti sadaone kanthu. Potero adakwiyitsa mbali zonse ziwiri: ansembe ena adamuyesa wokayika, ndipo akuluakulu a sukulu ya udotolo, amene ambiri adali odana ndi Eklezia, adamuyesa wopusitsidwa. Adalephera mayeso olowera ntchito ya opaleshoni m'zipatala za Lyon, nazindikira kuti khomo latsekeka. Nkhani ya ulendowo adailemba, dzina lache nalitembenuza kukhala Lerrac, koma adaisunga. Idasindikizidwa mu 1949 iye atafa kale. Mu 1904 adaoloka nyanja kupita ku Montreal ku Canada, ali ndi maganizo osiya udotolo ndi kukaweta ng'ombe.

Impso za agalu ndi amphaka

Ng'ombezo sadawete. Adaitanidwa ku Yunivesite ya Chicago, kumene adagwira ntchito ndi Charles Guthrie, ndipo mu 1906 adalowa ku Rockefeller Institute ku New York. Guthrie adadandaula pambuyo pache kuti mbali yache ya ntchito idaiwalika, ndipo dandaulo lache silidali lopanda pache.

Munthu akadziwa kusoka mtsempha, funso lina limadza lokha: kodi chiwalo chathunthu sichingachotsedwe ndi kulumikizidwa pena? Impso ndiyo idali yoyenera kuyesera, pakuti kawirikawiri ili ndi mtsempha umodzi wolowetsa magazi ndi umodzi wotulutsa, nyama ili nazo ziwiri, ndipo ikamagwira ntchito umboni wache ndi mkodzo umene munthu aliyense angauone. Emerich Ullmann wa ku Vienna adali ataika kale impso ya galu pakhosi pa galuyo mu 1902. Carrel ndi Guthrie adapitirira. Poona kuti mtsempha wa impso ndi waung'ono ndipo umatsekeka msanga pa msoko, adaganiza zoudula pamodzi ndi kachidutswa ka mtsempha waukulu wochokera ku mtima, ndi kusoka kachidutswako monga asokera chigamba pa nsalu. Madotolo amachitcha chigamba cha Carrel kufikira lero.

Pamenepo padaoneka chinthu chimene chidamvutitsa moyo wache wonse. Mu 1908 adachotsa impso ya galu, naitsuka, naibwezera mwa galu yemweyo, kenaka nachotsa impso inayo. Galuyo adakhala moyo zaka zoposa ziwiri ndi impso imodzi yosokedwayo. Koma akatenga impso za mphaka ndi kuziika mwa mphaka mnzache, msoko womwewo, dzanja lomwelo, ukhondo womwewo, impsozo zinkagwira ntchito masiku owerengeka kapena masabata ochepa, kenaka nkutupa ndi kufa. Mlimi amamezanitsa nthambi ya lalanje pa tsinde la ndimu, mtengo nkubala. Thupi la nyama lidakana kumezanitsidwa chotero. Lidadziwa chache, lidadziwanso chachilendo.

Kutchuka kwache kudakula. Mu 1908 dotolo wina wa ku New York adamdzutsa usiku chifukwa cha khanda lache la masiku ochepa limene lidalikutaya magazi. Carrel adasoka mtsempha wa pa dzanja la bamboyo ku mtsempha wa pa mwendo wa khandalo, magazi nayenda, mwana nachira. Chipinda chache cha opaleshoni chidali chopakidwa utoto wakuda, ndipo onse olowamo ankavala mikanjo yakuda, kuti kuwala kusathobwe m'maso ndi kuti fumbi lioneke. Mu 1912, ali ndi zaka 39, adalandira mphotho ya Nobel chifukwa cha kusoka mitsempha ndi kusamutsa ziwalo. Chaka chotsatira mphunzitsi wache Jaboulay adafa pa ngozi ya sitima ku Melun, pa 4 November, ndipo m'mwezi wa December Carrel adakwatira Anne-Marie de la Motte, mai wamasiye amene adakomana naye ku Lourdes. Sadakhale ndi ana.

M'mwezi wa April 1914, pa msonkhano wa madotolo a opaleshoni a maiko ambiri ku New York, Carrel adanena mosabisa kuti ntchito ya singano yatha, koma kuti impso ya munthu wina siingathandize wodwala kufikira atapezeka machitidwe oletsa thupi kukana chiwalo chachilendo. Adatchula ntchito ya mnzache wa ku Rockefeller, James Murphy, amene adaona kuti maselo ena oyera a m'magazi ndiwo amalimbana ndi chachilendocho, ndi kuti X-ray imawafooketsa. Njira idali imeneyo ndithu. Koma patapita miyezi inai nkhondo idabuka ku Ulaya, ndipo Carrel sadabwererenso ku ntchitoyo ndi mtima wonse. Odwala impso adadikira zaka makumi anai.

Nkhondo, mwanapiye ndi pampu

Pa nkhondoyo adayang'anira chipatala cha asilikari ku Compiègne. Pamodzi ndi Henry Dakin, katswiri wa mankhwala wa ku England, adapeza njira yotsukira mabala akuya ndi madzi a chlorine osungunula bwino, oyenda m'timachubu usana ndi usiku. Masiku amenewo penicillin kudalibe, ndipo asilikari ambiri adapulumuka miyendo ndi moyo womwe.

Kachidutswa ka mtima wa mwanapiye wosaswa kamene adaika m'botolo pa 17 January 1912 kadamtchukitsa koposa zonse, pakuti kadanenedwa kuti kalikukulabe mpaka 1946. Anthu adakhulupirira kuti maselo safa. Mu 1961 Leonard Hayflick adaonetsa kuti maselo abwino amagawikana kokwana ngati 50 naleka, ndipo akatswiri ambiri amaganiza kuti maselo atsopano ankalowa m'botolomo pamodzi ndi chakudya chache. Mu 1930 adadziwana ndi Charles Lindbergh, uja adauluka yekha pa ndege kuchokera ku New York kufika ku Paris mu 1927. Mkulu wa mkazi wa Lindbergh adali wodwala mtima, ndipo iye adafuna kudziwa chifukwa chache madotolo sangaimitse mtima ndi kuukonza. Awiriwa adapanga pampu ya galasi yoyendetsa madzi a chakudya m'chiwalo chochotsedwa m'thupi, ndipo mu 1935 adasunga chithokomiro cha mphaka chamoyo masiku 18.

Buku loipitsa mbiri

Chaka chomwecho cha 1935 adatulutsa buku lotchedwa L'Homme, cet inconnu, ndiye kuti munthu ndi chinthu chosadziwika. Lidamasuliridwa m'zinenero zambiri, ndipo anthu adaligula ngati chakudya. Mudali mau okoma onena za pemphero ndi za kufooka kwa anthu a m'mizinda. Koma mudalinso chiphunzitso choopsa. Munthu amene adazolowera kusankha nyama zoyesera adayamba kuyang'ana anthu ndi diso lomwelo: ena oyenera kubala, ena osayenera; kagulu ka anzeru kolamulira, khamu lotsata. Adalemba kuti opha anzao, achifwamba, akuba ana, ndiponso amisala amene apalamula milandu yotere, aziphedwa ndi mpweya wakupha m'nyumba zomangidwira ntchito imeneyo, poti nkotsika mtengo kusiyana ndi ndende. M'mau oyamba a buku la m'Chijeremani la 1936 adayamikira boma la Hitler chifukwa cha malamulo ache olimbana ndi kuchulukana kwa olumala, amisala ndi apandu.

Sikunganenedwe kuti buku la Carrel ndilo lidaphetsa anthu ku Germany. A Nazi adali ndi aphunzitsi ao. Koma kuyambira 1940 kufika August 1941 odwala ndi olumala oposa 70,000 adaphedwa kumeneko ndi mpweya, m'nyumba zonga zomwe iye adazilemba, kufikira Ambuye Clemens von Galen, Episkopi wa ku Münster, adadzudzula poyera pa guwa. Papa Pius XI adali atatsutsa kale mu 1930, m'kalata yache ya Casti Connubii, zoti boma lizitseka anthu kubala. Papa yemweyo adaika Carrel m'bungwe lache la akatswiri a sayansi mu 1936, chifukwa cha ntchito ya manja ache. Bungwelo limalandira ndi osakhulupirira omwe, ndipo kulowamo sikuyeretsa zonse zimene munthu adalemba.

Masiku ache otsiriza

Mu 1939 a Rockefeller adampumitsa ntchito chifukwa cha zaka, iye osafuna. France itagonja kwa Ajeremani adabwerera kwao, ndipo mu November 1941 boma la Pétain, logwirizana ndi adaniwo, lidamuika kukhala mkulu wa bungwe lofufuza za umoyo ndi chiwerengero cha anthu. Pa zaka zimenezi adalikuchezerana ndi Dom Alexis Presse, wansembe wa chipani cha Cistercian amene adamanganso nyumba yakale ya amonke ku Boquen, ndipo mu 1942 adavomera poyera chikhulupiriro cha Eklezia Katolika, patapita zaka 40 chionere Marie Bailly. Paris itamasulidwa mu August 1944 adamuimitsa ntchito pomganizira kuti adathandiza adani. Adali atadwala kale mtima, ndipo adamwalira pa 5 November 1944 atalandira masakramenti otsiriza, mlandu wache usanazengedwe. Adaikidwa pa kachilumba ka Saint-Gildas ku Brittany, kamene kadali kache. Mu 1996 Yunivesite ya Lyon idachotsa dzina lache pa sukulu ya udotolo, niikapo la Laennec, ndipo mizinda yambiri ya ku France idasintha maina a miseu yache.

Nkhumba ibweranso

Funso limene adalisiya mu 1914 adaliyankha ena. Peter Medawar, poyesa zikopa za akalulu pa nthawi ya nkhondo yachiwiri, adaonetsa kuti thupi limakumbukira chachilendo ndi kuchikana msanga koposa chikadzanso. Pa 23 December 1954 Joseph Murray ku Boston adaika impso ya mnyamata mwa mbale wache, amapasa ofanana, ndipo wodwalayo adakhala zaka zisanu ndi zitatu. Kudali ngati kubwereza za galu wa Carrel uja, pakuti matupi a amapasa otere sadziwana kuti ndi awiri. Mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi adayamba kuyesedwa pa agalu ndi Roy Calne cha m'ma 1960.

Pang'ono ndi pang'ono nkhumba idalowa m'malo mwa galu. Impso yache ndi yofanana ndi ya munthu pa kukula, ndipo m'kati mwache muli zigawo zambiri zotsanulira mkodzo monga mwa munthu, pamene ya galu ndi ya khoswe ili ndi chimodzi. Nkhumba imaswa patapita masiku ngati 114, ana ambiri nthawi imodzi, kotero mibadwo imaoneka msanga. Kuyambira m'ma 1970 David Sachs ku America adaweta mtundu wa nkhumba zazing'ono zodziwika bwino chibadwa chao, kuti posamutsa impso kuchokera ku ina kupita ku inzache adziwe kuti ziwirizo nzosiyana motani. Pa nkhumba zosiyana pang'ono adaona kuti mankhwala a cyclosporine a masiku 12 okha adakwanira kuti thupi lilandire impsoyo mpaka kale. Pa nkhumba ndi pamenenso madotolo amayesera makina ndi madzi osungira impso pa ulendo wochokera kwa wopereka kupita kwa wolandira, ntchito imene Carrel ndi Lindbergh adaiyamba ndi pampu yao ya galasi.

Chidadziwikanso chimene chiyenera kuti chidapha impso ya Jaboulay. Pa maselo a nkhumba pali mtundu wa shuga wotchedwa alpha-gal, umene munthu alibe, ndipo magazi a munthu ali ndi zida zokonzeka kale zoukantha. Zikaupeza, magazi amaundana m'mphindi kapena maora ochepa. Mu 2002 kudabadwa nkhumba zoyamba zochotsedwa shuga ameneyu. Pa 25 September 2021 Robert Montgomery ku New York, ndi chilolezo cha abale, adalumikiza impso ya nkhumba yotere ku mitsempha ya pa ntchafu ya munthu amene ubongo wache udali utafa, impsoyo ili kunja kwa thupi monga ya pa mkono wa mai wa ku Lyon uja. Idatulutsa mkodzo maora 54 kufikira kuyesako kudatha. Pa 16 March 2024 Tatsuo Kawai ndi anzache ku Massachusetts General Hospital ku Boston adaika mwa bambo wamoyo wa zaka 62 impso ya nkhumba yosinthidwa chibadwa m'malo 69. Bamboyo adatuluka m'chipatala, koma adamwalira mu May, ndipo madotolo adati sadaone chizindikiro chakuti impsoyo ndiyo idamupha. Mu January 2025 chipatala chomwecho chidaika ina mwa bambo winanso. Imeneyo idagwira ntchito masiku 271. Mu October 2025 idayamba kufooka, adaichotsa, ndipo mwini wache adabwerera pa makina osefa magazi.